Choponyera cha ana chopangidwa ndi zinthu za m'nyumba: ndiyambire pati?

AmakeMapasa_Chilenje
Moni nonse a pagulu lino. Ndabwera ndi funso kwa makolo anzanga, makamaka aphunzitsi ndi amisiri amene muli muno. Sukulu zatsekera tchuthi cha Ogasiti, ndipo mapasa anga, mnyamata ndi mtsikana a mu Giredi 3, akundiumiriza kuti ndiwalole kukhala ndi legeni chifukwa anzawo a mumsewu mwathu ali nazo. Ine ndakana, pakuti tikukhala m'nyumba ya lendi, mazenera a anansi ali pafupi kwambiri, ndiponso pakhomo pali mng'ono wawo wa zaka ziwiri amene amatola chilichonse n'kuika m'kamwa. Komabe sindikufuna kungokana basi, popeza chidwi chofuna kuponya chinthu patali sichoipa mwa icho chokha. Ndamva kuti pali kachoponyera kakang'ono koika patebulo kapena pansi, kamene mwana angapange ndi timitengo, supuni ndi mphira. Kodi alipo amene anakapangapo? Ndikufuna kudziwa zofunika kusonkhanitsa, kamangidwe kake, ndi chimene tingaponye chosavulaza munthu.

TateWaKuMatero
Amayi, apatseni legeni anawo. Tonsefe tinakula nayo, ndipo maso tikadali nawo onse awiri.

MphunzitsiWaSayansi_Kabwata
Amake mapasa, chimene mwamvacho n'chotheka ndithu, ndipo timachipanga kawirikawiri ndi ana a m'kalabu ya sayansi yotchedwa JETS kusukulu. Sonkhanitsani timitengo 9 tafulati ta ayisikilimu, titsukidwe ndi kuyanikidwa, timalabala 4 tija amamangira ndalama, ndi chitsekerero chimodzi chapulasitiki cha botolo la chakumwa. Timitengo 7 mutisanjike pamodzi kuti tikhale mulu umodzi, ndipo mumange kalabala kunsonga iyi ndi kunsonga inayo kuti tisasunthe. Tiwiri totsalato mutimange pamodzi kunsonga imodzi yokha, kenaka mutikanule kunsonga inayo n'kulowetsa mulu uja pakati pake mopingasa, kotero kuti kamtengo kamodzi kagone pansi ndipo kanzake kakwere m'mwamba mopendekeka. Kalabala kachinayi kamange pamene mulu wakumana ndi timitengo tiwirito. Chitsekerero chikhale kunsonga ya kamtengo kam'mwamba, koma musiyeko kampata kumapeto kwenikweni koti chala cha mwana chizidinapo. Mwana aike kampira ka pepala m'chitsekereromo, dzanja limodzi ligwire kutsogolo kuti choponyera chisalumphe, chala cha dzanja linalo chidinikize kamtengo mpaka pansi, kenaka achotse chalacho msanga.

Mphamvu imene chala chagwiritsa ntchito popinda kamtengo sitayika. Imasungika m'kamtengo kopindikako ndi m'kalabala kokokedwako, ndipo ikamasulidwa imapita kwa kampira pa kamphindi kochepa kwambiri. Pempho langa lalikulu n'lakuti musawapangire. Inu mugwire ntchito yofuna mpeni kapena moto yokha, zina zonse amange okha ngakhale zituluke zokhota, chifukwa mwana amene wamanga yekha amadziwa pogwira chinthu chikakana kuyenda.

NamwinoWaUsiku
Abambo a ku Matero, ndikuyankhani mwaulemu kuti amene anataya diso chifukwa cha legeni sangabwere pano kudzanena kuti anakula nayo bwino, n'chifukwa chake mawu amene amamveka ndi a amene anapulumuka okha. Diso limatetezedwa ndi fupa lolizungulira, ndipo chinthu chachikulu chikamenya nkhope mphamvu yake yambiri imathera pafupalo. Kamwala ka legeni n'kakang'ono, kamalowa pakati pa fupalo n'kumenya diso lenilenilo. Magazi angasonkhane kutsogolo kwa diso, mkati mwake mungathinane, ndipo nthawi zina magazi amayambanso kutuluka patapita masiku, mwana ataoneka ngati wachira. Wovulala sakhala woponyedwa yekha, pakuti mphira ukaduka kapena ukasoloka paphanda umabwerera kunkhope ya woponyayo, amene nthawi imeneyo amakhala ataubweretsa pafupi ndi diso kuti achaline.

Zikachitika, musatikite diso, musadonthezemo mkaka wa m'mawere, madzi a shuga kapena mankhwala a zitsamba, ndipo musayese kuchotsa chimene chalowamo. Phimbani disolo ndi kapu yapulasitiki yodulidwa, imene itsamire pafupa osakhudza diso, muimate ndi pulasitala, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale mwanayo akunena kuti akuona bwino.

GogoWaKuKatete
Ana anga, nonse awiri mukunena zoona, koma mukunena za malo osiyana. Kwathu ku Katete legeni inali chida cha ntchito. Mwana ankatumidwa kumunda kukalondera mbewu, kuingitsa mbalame m'mapira ndi kuopseza anyani chimanga chikakhwima. Phanda tinkadula la mtengo wolimba, ndipo la gwafa ndilo linkatamandika chifukwa silisweka msanga. Chikopa chake tinkachotsa palilime la nsapato yotha, mphira unali wa chubu chofiira, ndipo amene anali ndi luso ankaumba timipira ta dothi la pachulu n'kutiyanika padzuwa m'malo motola miyala. Amene ankatiphunzitsa anali achimwene athu aakulu, ndipo mwana akalozetsa legeni kwa munthu kapena kwa nkhuku ya eni ake ankalandidwa nthawi yomweyo, nkhani n'kufika kwa atate ake madzulo.

Kumunda mwala ukaphonya umagwera m'tchire. Muno mu Lusaka ukaphonya umagwera pamalata a mnansi, pagalasi la galimoto, kapena pamutu pa mwana amene akutunga madzi kuseri kwa mpanda. Ine ndikukhala ndi adzukulu ku Mtendere, ndipo legeni sindilola pakhomo, ngakhale kuti ndikanatha kuwapangira yabwino koposa ya anzawo onse. Kachoponyera ka aphunzitsika ndikufuna ndikaone kaye ndisanakaweruze.

MakanikaWaNjinga_Chawama
Agogo atchula chubu chofiira, ndipo apo ndingathandizepo. Machubu ofiira akale ambiri anali a mphira wachilengedwe, wochokera ku utomoni wa mtengo, umene ukakokedwa umabwerera mwamphamvu. Machubu akuda ambiri a masiku ano ndi a mphira wa m'fakitale wotchedwa butyl, umene umasunga mpweya bwino kwambiri koma ukaukoka umabwerera mofooka. Kwa wofuna kupha mbalame chimenechi ndi chilema, koma kwa amake mapasa ndi mwayi, chifukwa choponyera cha m'nyumba sichifuna ukali.

Musavutike kufuna timalabala ta m'sitolo. Pitani kwa wokonza njinga aliyense mukapemphe chubu chotha, ambiri timangotaya kapena kudula malegeni omangira katundu. Mukachidula mopingasa ndi sizasi mumapeza timikombero tambirimbiri tofanana ndi timalabala, ndipo mungadule tating'ono kapena tokulirapo monga mufunira. Tsukani ufa woyera umene umakhala mkati. Musanapatse mwana, kokani kamkombero kalikonse muone ngati kali ndi ming'alu, pakuti mphira wokhalitsa padzuwa umauma n'kumaduka mwadzidzidzi. Lezala musagwiritse ntchito, imatsetsereka pamphira n'kupeza chala.

KalipentalaWaKalingalinga
Aphunzitsi, malangizo anu ndi omveka, koma pali mfundo imodzi imene idzawavutitsa amayiwa. Guluu woyera wa matabwa sagwira chitsekerero chapulasitiki. Chidzaoneka ngati chamatika, koma chidzauluka pamodzi ndi kampira akaponya kachiwiri kapena kachitatu. Guluu wamphamvu wa m'timachubu uja amagwirako pang'ono, koma sindingamuike m'manja mwa mwana wa Giredi 3 chifukwa amamata zala pakamphindi, ndipo akapita m'maso ndiye nkhani ina. Njira zabwino ndi ziwiri. Yoyamba ndiyo kutenga kabokosi kamkati ka machesi, kamene ndi ka katoni ndipo kamamatika bwino pamtengo ndi guluu woyera. Yachiwiri ndiyo kumanga supuni yapulasitiki pakamtengo kam'mwamba ndi mphira, mutu wa supuniyo n'kukhala poikapo kampira. Zitsekerero zachitsulo za mano zija musazigwiritse ntchito konse.

Timitengo ta ayisikilimu tikasowa, nsungwi yong'aluliwa ndi kupalidwa bwino imagwira ntchito yomweyo, ndipo imapindika kwambiri isanathyoke. Mapensulo 5 omangidwa pamodzi angalowe m'malo mwa mulu uja. Palinso njira yachidule kwa ana osapirira: tengani pegi yamtengo yoyanikira zovala, muimate pakachidutswa ka thabwa, mumatenso kamtengo pamwamba pa pegiyo kuti katalikitse mbali imene timadina, ndipo sipuling'i ya pegi ndiyo iponye. Tizidutswa ta matabwa tili mbwee kwa akalipentala, mukapempha mwaulemu sangakulipiritseni.

AmakeMapasa_Chilenje
Zikomo nonse. Tapanga ziwiri, aliyense chake, ndi timitengo, timikombero ta chubu ndi kabokosi ka machesi monga ananenera akalipentala. Koma pali vuto. Kampira kakupita m'mwamba molunjika kudenga n'kugwera pafupi ndi choponyera chomwecho, nthawi zina kumbuyo kwa mwana. Kutsogolo sikakupita ngakhale mita imodzi. Ana akuti mphira ndi wofooka ndipo akufuna kuwonjezera wina. Kodi ndiwalole?

MphunzitsiWaSayansi_Kabwata
Musawonjezere mphira, amayi, chifukwa mphamvu ilipo kale. Umboni wake ndi woti kampira kakufika kudenga. Vuto lili pa malo amene mkono woponya, ndiye kuti kamtengo kam'mwamba kaja, ukuimira. Kampira kamachoka panthawi imene mkono waima, ndipo kamalowera kumene kukamwa kwa kabokosi kwayang'ana panthawiyo. Mkono ukaima ukadali pafupi kugona pansi, kabokosi kamakhala kakuyang'ana kudenga, ndiye kampira kamapita kudenga. Mkono ukaima utaimirira njo, kabokosi kamayang'ana kukhoma la kutsogolo, kampira n'kupita chogona n'kugwa msanga. Mkono ukapitirira pamenepo, kampira kamamenya pansi patsogolo pomwepo. Chimene mukufuna ndi chapakati, mkono uziima utapendekeka pa madigiri 45 kapena kuyandikira pamenepo.

Pali njira zitatu zokonzera, ndipo ana ayese imodzi imodzi kuti aone chimene chasintha. Akankhire mulu wa timitengo pafupi ndi nsonga yomangidwa ija, mkono udzadzuka. Kapena awonjezere timitengo pamuluwo kuti ukwere. Kapena, njira yosavuta koposa, aike buku pansi pa mbali ya kumbuyo, kumene kuli kabokosi, kuti choponyera chonse chiweramire kutsogolo. Pofuna kuwaonetsa madigiri 45 popanda chida choyezera, pindani pepala kuti mbali yake yam'munsi ikumane ndi yam'mbali. Mzere wa mpindirowo ndiwo madigiri 45, ndipo angauimike pambali pa choponyera n'kufanizira.

WophunziraUinjiniya_UNZA
Aphunzitsi alongosola bwino, koma ndiloleni ndiwonjezere pang'ono kuti ana asadabwe zotsatira zikasiyana ndi za m'buku. Lamulo la madigiri 45 limagwira ntchito ndendende ngati chinthu chikugwera pamalo ofanana msinkhu ndi pamene chachokera, ndiponso ngati mphepo sikuchibweza. Galileo, wasayansi wakale wa ku Italy, ndiye analongosola njira yokhota imene chinthu choponyedwa chimatsata, m'buku lake la 1638, ndipo anaonetsa kuti madigiri 45 ndiwo amafikitsa patali koposa, pamene ngodya ziwiri zotalikirana mofanana ndi 45, monga 30 ndi 60, zimafikitsa pamtunda umodzi. Kampira ka pepala n'kopepuka, mpweya umakabweza kwambiri, choncho kadzafika patali pa ngodya yotsikirako pang'ono. N'chimodzimodzinso mukaponya muli patebulo kampira n'kukagwera pansi.

Chachiwiri n'chokhudza kukoka. Wasayansi wa ku England Robert Hooke anasindikiza mu 1678 lamulo lakuti sipuling'i imatambasuka molingana ndi mphamvu imene yaikoka. Chotsatira chake n'chakuti ukakoka kuwirikiza kawiri, mphamvu yosungika imawirikiza kanayi, ndipo mtunda nawo ungayandikire kuwirikiza kanayi. Mphira sutsata lamuloli mokhulupirika ngati sipuling'i yachitsulo, komabe mfundo yake ndi yomweyo, ndipo ndicho chifukwa legeni imene inali yofatsa m'manja mwa mwana wa zaka 6 imasanduka yoopsa m'manja mwa mkulu wake wa zaka 12 amene mkono wake ndi wautali. Choponyera cha patebulo chili ndi malire, kamtengo kakafika pansi sikapitirira, pamene legeni malire ake ndi mkono wa woigwirayo.

TateWaKuMatero
Tsopano ana ali patchuthi, inu mwawabweretsera Galileo pakhomo. Kusewera kwasanduka kalasi. Mwana amafuna kuchalina chinthu n'kuchigwetsa, osati kupinda mapepala a madigiri.

MphunzitsiWaSayansi_Kabwata
Abambo, pamenepo sindikutsutsani, ndipo dzina la Galileo ana sayenera kulimva n'komwe. Zimene talembazi ndi za mayi awo, kuti adziwe poloza ana akakakamira. Kwa anawo akhale masewera enieni a kuchalina. Ikani beseni, poto ndi kapu motalikirana, beseni likhale la mapointi ochepa, kapu ya mapointi ambiri. Kapena sanjikani mabokosi a machesi opanda kanthu ngati khoma kuti aligwetse. Mudzaona kuti mwana amene waphonya kapu katatu amayamba yekha kusuntha mulu wa timitengo ndi kusintha kampira, ndipo akatero wayamba kale kuchita chimene ife timavutika kuphunzitsa m'kalasi. Ndingowonjezera kuti mphepo ya Ogasiti muno mu Lusaka imaulutsa pepala, choncho mpikisano wa mtunda uchitikire m'nyumba kapena pakhonde lotchingika, apo ayi wopambana adzakhala amene mphepo yamukondera.

AzakhaliAKuGarden
Ine chandikondweretsa n'chakuti amake mapasa apangitsa ziwiri, aliyense chake. Pamene tinkakula, legeni ndi galimoto zamawaya zinali za anyamata, ife atsikana tinkauzidwa kuti tikasewere phada kapena tikalere mwana. Sindinena kuti phada ndi woipa, amaphunzitsa maso ndi dzanja kugwirizana, koma kumanga chinthu chokhala ndi ziwalo zoyenda sitinaloledwe, ndipo ambiri a ife mpaka lero timaitana munthu kudzamanga chogwirira cha poto. Amayi, muonetsetse kuti mnyamatayo asalande cha mlongo wake ponena kuti akumukonzera.

AmakeMapasa_Chilenje
Azakhali, pakhomo pano wolanda ndi mtsikanayo. Buku la pansi lathandiza, kampira tsopano kakudutsa pabalaza ponse. Funso latsala ndi la choponya. Thonje silikupita kulikonse, pepala likupita koma likufunyuluka m'njira, ndipo ana apempha nyemba kapena mtedza.

NamwinoWaUsiku
Nyemba, mtedza ndi njere za chimanga musalole, makamaka popeza pali mwana wa zaka ziwiri. Ana osakwana zaka zitatu amatsamwa mosavuta, ndipo mtedza ukalowa munjira ya mpweya ungatsikire m'mapapo. Nyemba ikalowa m'mphuno kapena m'khutu imamwa chinyezi n'kufufuma, ndiye kuichotsa kumavuta koposa mkanda. Mabo ndi timiyala n'zoletsedwa pa zifukwa zonse ziwiri, kutsamwa ndi maso. Muyeso wosavuta ndi uwu: tengani kachubu kakatoni ka mkati mwa pepala la kuchimbudzi, ndipo chilichonse chimene chikulowamo chonse muchione ngati choopsa kwa wamng'onoyo. Timipira tambiri ta choponyera chotere tidzalowamo, choncho muziwerenga kuti tilipo tingati asanayambe kusewera, muwerengenso akamaliza, ndipo timalabala toduka titoledwe. Nthawi yabwino yosewera ndi pamene wamng'onoyo wagona. Lamulo lina limene ana aliloweze pamtima n'lakuti nkhope siikhala pamwamba pa choponyera, chifukwa mwana amakonda kuwerama kuti aone bwino panthawi yomwe mkono ukudzuka.

KalipentalaWaKalingalinga
Pepala likafunyuluka, likulungeni zolimba n'kuzunguliza selotepi kamodzi. Chinanso chabwino ndi kachidutswa ka chitsononkho chouma, chifukwa n'chopepuka koma chili ndi thupi lokwanira kudula mpweya, ndipo kachidutswa ka siponji yotsukira mbale yakale kamachitanso bwino. Thonje lalephera chifukwa ndi lalikulu koma lopanda kulemera, mpweya umaligwira lisanapite patali. Chinthu cholemera kwambiri nacho sichipita, pakuti kamtengo kamalephera kuchithamangitsa. Ana apange timipira ta kukula kumodzi koma tosiyana kulemera, aponye kalikonse katatu, aike chizindikiro ndi choko pamene kagwera, ndipo adzapeza okha kuti kapakati ndiko kopambana. Tepi ya telala ingayeze mtunda, kapena angowerenga matailosi a pansi ngati alipo.

WokondaMbiri_Libala
Popeza anawo adzafunsa kuti chinthuchi anayamba ndani, nazi zochepa zimene mungawauze. Olemba mbiri achigiriki amanena kuti makina oyamba oponyera anapangidwa ku Syracuse, pachilumba cha Sicily, cha m'ma 399 BC, pamene wolamulira mzindawo Dionysius anasonkhanitsa amisiri kukonzekera nkhondo yolimbana ndi mzinda wa Carthage. Oyambawo anali ngati uta waukulu. Pambuyo pake amisiri anapeza kuti zingwe za mitsempha ya nyama kapena za ubweya ndi tsitsi, zikapotedwa zolimba, zimasunga mphamvu yochuluka, ndipo Aroma anagwiritsa ntchito makina otere kwa zaka mazana ambiri. Kenaka kunabwera mtundu wina wosadalira uta kapena chingwe chopota, wotchedwa trebuchet, umene uli ndi bokosi lolemera kumbali yaifupi ya mtanda. Bokosilo likagwa, mbali yaitali imadzuka n'kuponya mwala. Mu 1304 mfumu Edward I ya ku England inamangitsa wamkulu kwambiri wotchedwa Warwolf pozinga linga la Stirling ku Scotland, ndipo a m'lingamo atapempha kugonja mfumuyo inakana kuwalandira mpaka makina ake atayesedwa.

Chodabwitsa n'chakuti legeni ya mphira, imene ambirife timaiyesa yamakedzana, ndi yatsopano poyerekeza ndi zonsezi. Inatheka pokhapokha anthu atadziwa kulimbitsa mphira ndi sulufule, njira imene Charles Goodyear anailembetsa mu 1844, ndipo kwathu kuno inafala pamodzi ndi machubu a njinga ndi a galimoto. Makolo akale ankasaka mbalame ndi uta, misampha ndi ulimbo.

GogoWaKuKatete
Mwanena zoona pa ulimbo ndi misampha, mwana wanga. Atate anga legeni ankaiona ngati chinthu cha ana a masiku amenewo, iwo ankakhulupirira msampha wawo. Ndiwonjezere kuti kumudzi mpheta kapena njiwa yophedwa inkapita pamoto n'kukhala ndiwo. Muno ndimaona ana akugwetsa pumbwa mumtengo wa mango n'kumusiya pomwepo agalu adye, ndipo chimenecho sichindisangalatsa. Ngati kachoponyera kameneka kangawaphunzitse kuchalina kapu m'malo mwa mbalame, ndikavomereza, ngakhale kuti kwa ine kakuoneka kofooka.

TateWaKuMatero
Agogo akanena, ine sindingapitirire. Komabe mwana wanga ali ndi zaka 13, ndipo timitengo ta ayisikilimu adzatiseka. Ngati legeni mwaikana, mundipatse chinthu cha msinkhu wake. Chija cha bokosi lolemera chingapangike pakhomo?

WophunziraUinjiniya_UNZA
Chingapangike, abambo, ndipo kwa wa zaka 13 ndicho choyenera chifukwa chimafuna kuleza mtima ndi kuyeza. Mfundo yake ndi ya mpini wa mjigo: mbali imodzi ikayenda pang'ono, mbali yaitali imayenda mtunda waukulu panthawi yomweyo, choncho nsonga yake imathamanga. Mtanda ukhale wopepuka koma wosapindika, wotalika ngati masentimita 50. Potsamira pake, pamene mtandawo uzizungulirapo, pakhale pafupi ndi nsonga imodzi, kotero kuti mbali yaitali ikhale pafupifupi kanayi kuposa yaifupi, ndiye kuti masentimita 40 mbali ina, 10 mbali inayo. Kumbali yaifupi mupachike chitini cha mchenga, ndipo chizilendewera momasuka pawaya, osachimangirira ku mtanda, chifukwa chikamalendewera chimagwa molunjika n'kupereka mphamvu yambiri. Opanga zoterezi amayambira pa cholemera choposa choponyedwa pafupifupi ka 100, choncho chitini cha kilogalamu imodzi chimayenerana ndi kampira ka magalamu 10. Ayambe ndi kabokosi kapena supuni kunsonga yaitali. Kathumba ka chingwe kamene makina enieni anali nako kamafikitsa patali, koma kamavuta kukonza nthawi yomasukira, ndipo kakalakwika kampira kamapita kumbuyo. Pachifukwa chimenecho pasaime munthu kutsogolo kapena kumbuyo, onse aime m'mbali.

NamwinoWaUsiku
Chitini cha kilogalamu imodzi chikugwa chingaphwanye chala cha phazi. Avale nsapato, chitinicho chisakhale ndi m'mphepete mwakuthwa, ndipo choponyedwa chikhalebe chofewa ngakhale mwanayo ndi wamkulu. Ichi n'cha pabwalo, osati pabalaza.

KalipentalaWaKalingalinga
Abambo a ku Matero, chimene chimagwetsa ambiri pa makina amenewa ndi miyendo, osati mtanda. Chitini chikagwa chimagwedeza chimango chonse, ndipo ngati thabwa la pansi ndi lalifupi makina amagubuduka chafufumimba. Thabwa la pansi likhale lotalika kufanana ndi mtanda kapena kuposerapo, ndipo miyendo iwiri yonyamula potsamira ikhale ndi zochirikiza zopendekeka kutsogolo ndi kumbuyo. Kutalika kwa miyendo muyeze chitini chitapachikidwa kale, kuti chikafika pansi penipeni pa ulendo wake chisakhudze thabwa. Musiye mpata wa zala ziwiri. Potsamira pake msomali wa mainchesi 6 umakwanira, nsonga yake yakuthwa muidule kapena muibise m'kachidutswa ka thabwa. Bowo la mumtanda likhale lokulirapo pang'ono kuposa msomaliwo kuti mtanda uzizungulira momasuka, koma mabowo a m'miyendo akhale othina. Pakati pa mtanda ndi mwendo uliwonse mulowetse chitsekerero chapulasitiki choboola pakati kuti mtanda usakhule miyendo, ndipo pamsomali mupakepo kandulo kapena sopo wouma. Kuboola muchite ndinu, koma kuyeza ndi kulemba mizere yodulira mumusiyire mnyamatayo, ndipo adule thabwa la pansi pomalizira, ataona kale mmene mtanda ukuyendera.